Tamverani kuno, inu osunga mfuti kumutu kwa bedi

Abale anga a kuno ku America, lero ndilankhula, wokwiya akwiye.

Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi tinasonkhana kunyumba kwa mnzathu wina kuno ku Dallas. Nsima ili pamoto, azibambo tili pabalaza kukangana za mpira, ana akusewera m'chipinda cham'mwamba. Tinangoona mwana wamkazi wa zaka zinayi akutsika masitepe atakumbatira kabokosi kachitsulo kakuda, akuchita kudzandira nako, n'kumati wapeza chikwama cha adadi. Bambo ake anaseka. Akuti, "Musadandaule, kameneko kamatseguka ndi chala changa chokha." Mayi wina amene ndi namwino anati, "Tabweretsani kuno." Anaika chala chake chachikulu pakagalasi paja, kabokosi kanalira kamodzi n'kutseguka. M'katimo munali pistol, magazini (kosungiramo zipolopolo) ili m'malo mwake, chipolopolo chimodzi chitalowa kale. Mwini nyumba anangoti, "Aa, ndiye kuti sindinamalize kukatchera bwino," n'kusekanso.

Kuseka! Bambo wamkulu, wandevu zake, wa ana atatu. Choseketsa chinali chiyani pamenepo? M'chipinda muja simunali ana ake okha. Munali adzukulu anga, munali ana a abusa, munali ndi mwana wa mlendo amene wangofika kumene kuchokera ku Lilongwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, kodi mawu amenewa tinawasiya pa bwalo la ndege?

Za kuti munthu akhale ndi mfuti kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Amene malamulo akumulola, zake zimenezo. Koma inu muli pa viza ya sukulu kapena yongocheza, ndi inu amene mapepala sanalongosoke, lamulo la dziko lino silikulolani kugwira mfuti kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, choncho asakunamizeni anzanu a kuntchito. Lero ndili ndi inu amene munagula kale, ndipo mumagona nayo pafupi.

Wina yake ili pansi pa pilo. Wina ili m'drowa ya kumutu kwa bedi, limodzi ndi Baibulo, chaja ya foni ndi mapilitsi a BP. Wina anaiponya pamwamba pa wodilopu, wina m'bokosi la nsapato, wina pakati pa matiresi. Ukafunsa, yankho ndi limodzi: "Mwana wanga sadziwa pamene ili." Sadziwa? Mwana amene amapeza maswiti mwabisa kuseri kwa thumba la ufa? Amene anaiona kamodzi kokha nambala ya foni yanu n'kuyamba kutsegula yekha? Amene amatsala m'nyumba inu muli ku shifiti ya maola 12? M'nyumba mwanu mulibe malo amene mwana wanu sanafikepo.

Pa 6 January 2023, ku Newport News m'chigawo cha Virginia, mwana wa zaka 6 anapita kusukulu ndi mfuti ya mayi ake, n'kuwombera mphunzitsi wake m'kalasi. Chipolopolo chinaboola dzanja n'kulowa pachifuwa, mwayi wake anapulumuka. Mwanayo anaitenga kuti mfutiyo? M'chikwama cha mayi ake, chimene chinali pamwamba pa kabati ya zovala. Anakwera n'kutenga. Mayiyo anagamulidwa zaka ziwiri kundende chifukwa chosasamala mwana. Ndiye inu mukuti pamwamba pa wodilopu yanu ndi patali kuposa pamenepo?

Ena mumati kamwana sikangathe kukhethemula mfuti. Pistol ngati Glock imalira ndi mphamvu ya makilogalamu awiri ndi theka okha, ndipo ilibe kachitsulo kapambali koti muitseke nako. Mwana amene amatulutsa yekha chigubu cha mkaka mufiriji angalephere zimenezo? Enanso mumati, "Ndinachotsa magazini." Nanga chija chinalowa kale chija munachichotsa? Kuyambira 2020, malinga ndi ziwerengero za CDC, bungwe la boma loona zaumoyo, mfuti ndiyo ikupha ana ndi achinyamata ambiri m'dziko lino kuposa ngozi za galimoto. Dziko limene tinabweretsako ana athu kuti akule bwino!

Koma amene andikwiyitsa kwambiri ndi inu ogula kabokosi, chifukwa mumayenda modzitama ngati mwathana nazo. Mwaitanitsa pa intaneti kotchipa kwambiri, kafika, mwang'amba katoni, kapepala ka malangizo mwataya m'bini, mwaika chala kamodzi, katseguka, basi mwati ntchito yatha. Simukudziwa kuti timabokosi tina ta chala timachoka kufakitale tili totsegukira aliyense, mpaka mwini wake atalembetsa chala chake bwinobwino? Mu October 2023 bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, la CPSC, linalengeza zobweza timabokosi ta kampani ya Fortress pafupifupi 61,000 pa vuto lomweli: eni ake ankaganiza kuti atchera, chikhalirecho katseguka ndi chala cha wina aliyense. Pa nkhani imeneyo panatchulidwa imfa ya mnyamata wa zaka 12. Kumayambiriro kwa 2024 anabwezanso ena a makampani ena angapo. Kodi kanu munakayang'ana ngati kali pa mndandanda umenewo? Munayamba mwachotsamo mfuti n'kuitana akazi anu, mlamu wanu, mwana wanu, kuti aliyense ayese chala chake? Kapena mukudikira kuti mwana adzayese yekha inu kulibe?

Ndipo ka chala kameneka musamakakhulupirire mopitirira. Ambiri a ife timagwira ntchito zosamalira okalamba ndi odwala, kusamba m'manja kosalekeza, ena kunyamula makatoni m'mawarehouse, zala zong'aluka, zokhakhala. Usiku mwadzola mafuta, kapena m'manja muli thukuta la mantha. Kagalasi kaja kakukanani inu mwini wake pa nthawi imene mukukafuna. Ine ndimakonda ka mabatani osafuna batire, ka loko wa mtundu wa Simplex, wa mabatani asanu amene umawamva ndi zala mumdima. Saphwa, safuna magetsi. Koma nayenso amabwera ndi nambala ya kufakitale imene aliyense angaipeze pa intaneti: kudina 2 ndi 4 pamodzi, kenako 3. Mukaisiya choncho, mwakhoma chiyani? Ngati mwasankha ka mabatani a batire, sinthani mabatire pa tsiku lodziwika chaka ndi chaka, osadikira kuti kayambe kulira.

Nambala yachinsinsi nayo, abale inu! 1234? Chaka chimene munabadwa? Tsiku lobadwa la mwana yemweyo amene mukumubisira? Nambala yomwe ija ya pafoni, imene amakuonani mukudina tsiku ndi tsiku? Kumbukani za ku Oxford, m'chigawo cha Michigan. Pa 30 November 2021 mnyamata wa zaka 15 anapha ophunzira anzake anayi ndi mfuti imene bambo ake anagula masiku ochepa m'mbuyomo. M'khoti zinamveka kuti loko wa chingwe amene anabwera ndi mfutiyo anali akadali m'pepala lake, ndipo kabokosi kosungira mfuti zina m'nyumbamo nambala yake inali 000. Mu 2024 James ndi Jennifer Crumbley, bambo ndi mayi a mnyamatayo, aliyense anagamulidwa zaka 10 mpaka 15 kundende. Zokhomera anali nazo m'nyumba. Chimene analibe ndi chimene mulibe inu.

Nanga kakiyi kapadera kamene kamabwera ndi kabokosi? Mwakaika m'drowa yomweyo, pambali pa kabokosi komweko. Ena mwakapachika pa makiyi a galimoto amene amakhala patebulo tsiku lonse. Ena simunakachotse n'komwe pa loko. Mukuganiza kuti ana ndi opusa?

Za chitsulo musandiuze kuti simudziwa. Mukamagula foni mumafufuza sabata yathunthu, koma kabokosi ka mfuti mwangoyang'ana mtengo. Tina ndi malata enieni, chivindikiro chake umachikanula ndi sikuludiraiva. Tina ukatigwetsa pansi kapena kutimenya pakona timatseguka tokha, chifukwa kachitsulo kokhomera kamadumpha. Pogula yang'anani nambala ya gauge, ndipo dziwani kuti nambala ikachepa ndiye kuti chitsulo n'chochindikala: 10 kapena 12 ndi chitsulo, 18 kapena 20 ndi chitini. Boma la California lili ndi mndandanda wa zokhomera mfuti zimene zinayesedwa n'kuvomerezedwa, ndipo aliyense angauone ngakhale akukhala ku Texas kapena ku Indiana. Ikani chala pampata wa chivindikiro, kokani, gwedezani. Ngati kakugwedera ndi manja anu okha, mnyamata wa zaka 14 wokhala ndi YouTube atenga mphindi zingati?

Tsono kumanga. Apa ndiye pagona ulesi wonse. Kabokosi kosamangirira n'chimodzimodzi mbuzi imene mwaimanga chingwe m'khosi koma chingwecho osachimangirira pachikhomo. Wakuba sataya nthawi kulimbana ndi loko m'nyumba mwanu. Amakanyamula m'khwapa n'kukatsegulira kwawo ndi chopukusira zitsulo, mawa mfuti imene munagula inu ili m'manja mwa achifwamba. Tembenuzani kabokosi kanu muone kunsi kwake. Mabowo amenewo mukuganiza kuti ndi okongoletsa? Kathumba ka mabawuti kamene kanali m'katoni kali kuti? Makoma a nyumba za kuno si njerwa ngati kwathu, ndi chipupa chopyapyala chimene mwana angachiboole ndi chidendene. Sikuluwu yolowa m'menemo imazuka ndi dzanja limodzi. Funani thabwa la m'kati mwa khoma, nthawi zambiri amatalikirana mainchesi 16, kapena mangani pansi pa thabwa lolimba, kapena pa chitsulo cha bedi. Kumanga pa katebulo kopepuka ka kumutu kwa bedi n'kudzinamiza, wakuba anyamula ndi katebulo komwe.

"Ndili pa lendi, landilodi salola kuboola." Bedi ndi la landilodi? Timabokosi tambiri timabwera ndi chingwe chachitsulo choti muzungulize pa chitsulo cha bedi. Sichifanana ndi bawuti, wakuba wa chodulira achidula, koma mwana sangachoke nako. Ngakhale chimenecho chakukanikani?

Ndikudziwa chimene mukunena mumtima: "Nanga chigawenga chikalowa usiku, ndiyambe kulimbana ndi mabatani?" Eya, muyambe. Kabokosi kabwino kamatseguka m'masekondi ochepa ngati munazolowera. Munayamba mwayesa n'komwe, magetsi atazima, mfuti ilibe chipolopolo, mpaka zala zitadziwa zokha? Kapena mumangolankhula za liwiro muli pa sofa? Ndipo masekondi amene mukuwadandaulawo ndi amene amadzutsa mutu. Munthu wodzidzimuka kutulo sadziwa kumanja ndi kumanzere. Tonse tikukumbuka za ku Pretoria pa 14 February 2013, pamene katswiri wothamanga Oscar Pistorius anatenga mfuti imene inali pansi pa bedi n'kuwombera kanayi pachitseko cha chimbudzi, kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp. Iye anati ankayesa wakuba. Kaya zinali zoona kaya ayi, mtsikanayo sanadzuke. Nyumba zathu kuno ndani sazidziwa? Amayi akuweruka 3 koloko m'bandakucha, mnyamata akulowera kukhomo la kuseri mwakachetechete kuopa kukalipiridwa, mlendo wochokera kumudzi akufufuza bafa mumdima. Inu dzanja lili kale pansi pa pilo. Tochi muli nayo pafupi, yoti muone kaye nkhope?

Pali china chimene sitikonda kuchitchula. Imfa zoposa theka za mfuti m'dziko lino ndi za anthu odzipha okha. Ana athu a zaka za kusekondale amasenza zinthu zimene satiuza, ndipo ife akuluakulu timangoti ndi matukutuku a ku America. Mphindi imodzi ya mdima imadutsa, koma ngati mfuti ili pafupi palibe kubwerera. Nanga bwanji mukuuza mnyamata wanu nambala, ati kuti aziteteza nyumba inu mukachoka? Ngati m'nyumba muli wina amene wasweka mtima, kapena ukwati uli pamoto, kapena mowa wachuluka, mfutiyo ichoke m'nyumbamo kaye, ndipo nambala ya foni ya 988, yothandiza amene akuganiza zodzipha, ilipo usana ndi usiku.

Musadzati simunadziwe lamulo. Kuno ku Texas ndi mlandu kusiya mfuti yokhala ndi zipolopolo pamene mwana wosakwana zaka 17 angaifikire. Ogulitsa ovomerezeka amakakamizidwa kupereka chokhomera pa pistol iliyonse, ndipo maofesi ambiri a polisi amagawa maloko a chingwe ulere kudzera mu pulogalamu ya Project ChildSafe. Ulere! Ndiye chikukuvutani n'chiyani, ndalama kapena mutu?

Inunso azimayi, lekani manyazi. Mwana asanapite kukagona kwa anzake mumafunsa za chakudya, za galu, za dziwe losambira. Funsaninso kuti, "Kodi m'nyumba muno muli mfuti? Yakhomedwa? Kabokosi kake n'komanga?" Amene akwiye ndi funso limenelo wakuyankhani kale. Ndipo amuna anu akakuuzani kuti zimenezi ndi za azibambo, auzeni kuti maliro sakhala a azibambo okha.

Ikani foniyo pansi, kwerani kuchipinda, mukamange kabokosiko lero. Mwakula inu, musatichititse manyazi.