Sekondale za boma ku Mchinji ndi ku Chipata: zotsatira za mayeso zimabisa chiyani?

Anthu a m'malire amakonda kufananitsa zotsatira za mayeso omaliza sekondale, MSCE ya ku Malawi ndi Grade 12 ya ku Zambia, poti mayiko onsewa amawerenga mapointi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo 9 ndi kulephera. Koma musanayamikire sukulu, funsani kaye kuti ana ake analowamo bwanji.

Ku Malawi sefa yaikulu ili pa Sitandade 8. Mwana akakhoza PSLCE, mayeso omaliza pulayimale a bungwe la MANEB, boma limamusankhira sukulu malinga ndi malikisi. Okhoza kwambiri amapita ku sukulu zotenga ana m'dziko lonse monga Dedza Government ndi Lilongwe Girls, kapena za mishoni zothandizidwa ndi boma monga Ludzi Girls ku Mchinji komweko. Otsatira amapita ku zogonera ndi zoyendera za m'boma lawo, otsalawo ku CDSS, sekondale zoyendera za m'madera. Kwa zaka zambiri osankhidwa akhala osakwana theka la okhoza.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Ma CDSS anabadwa mu 1998 kuchokera ku sukulu za MCDE, bungwe la maphunziro a patali, ndipo ndi amene anyamula ana ambiri a sekondale. Amalandira ana a malikisi otsikirapo ochokera m'mapulayimale oyandikana nawo, ana a alimi a fodya, mtedza ndi soya, amene amajomba ntchito ya kumunda ikachuluka. Ma CDSS ambiri alibe labotale, moti Chemistry amaphunzira pa bolodi basi. Atsikana akutali amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu popanda woyang'anira, n'chifukwa chake makalasi ena amafika Fomu 4 atsikana atachepa, ngakhale lamulo lolola wobereka kubwerera kusukulu lilipo kuyambira 1993. Kuika sukulu yotere pa mndandanda umodzi ndi Ludzi n'kulakwira aphunzitsi ake.

Zambia inatsegula chipata. Mu Januwale 2022 boma la Hakainde Hichilema linachotsa fizi mpaka Grade 12, chaka chomwecho linalemba aphunzitsi oposa 30,000, ndipo ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni ya ku Zambia kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, zina n'kumalipirira ana osauka m'sukulu zogonera. Ana amene anasiya anabwerera, madesiki anachepa, makalasi anadzaza mpaka pakhomo. Mphunzitsi wa kalasi yotere sangachonge chimangirizo cha mwana aliyense sabata ndi sabata, ndipo Chingerezi chimavulala msanga. Sefa iliponso ndithu: Chizongwe ndi St Monica's ku Chipata satenga aliyense. Kuyambira 2025 asinthanso kachitidwe, pulayimale zaka 6, Fomu 1 mpaka 4, kenako Fomu 5 ndi 6.

Njira ya Zambia ndi yachilungamo kwa mwana wakumudzi, ngakhale peresenti ya okhoza itagwa poyamba.

Makolo osamutsa mwana asamale kalendala: ku Zambia chaka chimayamba Januwale, ku Malawi Seputembala, choncho mwana amataya miyezi kapena kubwereza. Posankha sukulu funsani ana angati analowa Fomu 1 ndi angati analemba mayeso omaliza, atsikana padera. Funsaninso amene anapeza makiredi 6 kuphatikizapo Chingerezi, poti satifiketi ya MSCE imatheka ndi kiredi imodzi pa maphunziro 6 okhoza, koma ku yunivesite ya boma sungalowe nayo.