Timadontho tichoke, koma nthenga zitsale

Nkhani yanu yanena kuti pulogalamu yabwino yokonzera zithunzi ndi imene imafafaniza timadontho tonse (noise) timene timaoneka pachithunzi chojambulidwa pamene kuwala kuli kochepa, koma ine sindikugwirizana nazo kwenikweni. Ndinajambula kadzidzi chakumadzulo pa ISO 6400 (mlingo wokwera wa kamera wothandiza kujambula kukakhala mdima, koma umene umachulukitsa timadontho), ndipo pulogalamu ina itachotsa timadonthoto, nthenga za pachifuwa pake zinasalala ngati zopakidwa phula, moti timizere take tonse tinazimiririka. Posankha pulogalamu, muziyesa ndi fayilo ya RAW (chithunzi chosakonzedwa, monga momwe kamera yachijambulira) osati JPEG (chithunzi chokonzedwa ndi kupanikizidwa kale), chifukwa zida zochotsera timadontho monga DxO PureRAW komanso Denoise ya mu pulogalamu ya Lightroom, imene kampani ya Adobe inatulutsa mu 2023, zimagwira bwino ntchito pa zomwe sensa ya kamera yajambula zisanapanikizidwe. Kwa amene ndalama zikuwavuta, pulogalamu ya darktable ndi yaulere, ngakhale kuti imafuna kuleza mtima. Ine ndimasiyako dala timadontho pang'ono m'malo amdima kuti nthengazo zizioneka.