Kumeneku si kudzacheza, n'kudzaonetsa galimoto

Ndimafuna kungokhala chete koma mtima wakana. Ndilemba basi, amene zimuwawe zimuwawe.

Pa Mother's Day pomwepa, pa 15 October, mlongo wanga wa ku Blantyre ananyamula alamu ndi ana kudzaona amayi kuno ku Nkhotakota. Dzina sinditchula, akudzidziwa yekha, ndipo ndikudziwa kuti awerenga. Akuti ana anawadzutsa 4 koloko m'bandakucha. Anatulukira pakhomo pano dzuwa litapendeka kale, galimoto ili mbuu ndi fumbi. Malonje tisanamalize n'komwe, nsima isanatsike bwino kukhosi, ndinangoona munthu akuseweretsa makiyi m'manja, maso ali pa wotchi. "Achemwali, ife tiziona msewu, kungatidere." Apo n'kuti 3 koloko isanakwane.

Kukuderani? Nanga ponyamuka ku Blantyre mumayesa dzuwa likudikirani?

Amayi anali atadzuka tambala woyamba. Anasesa bwalo lonse mpaka kuseri kwa bafa kumene mlendo safikako. Anatuma mnyamata kukadikira mabwato kunyanja kuti apeze chambo chatsikulo, osati chogona. Kondowole anaphika okha ndi mkono wawo wodwala uja, amvekere mwana wanga anakulira kondowole, kutauni wabwino saamupeza. Mpunga, nkhuku, thobwa lodzadza ndowa. M'chipinda munali mutakonzedwa kale, maneti atapachikidwa, poti iwo m'mutu mwawo zinali zoti anthu ochokera kutali chonchi agona basi, n'zosachita kufunsa. Adzukulu aja anatsika m'galimoto maso ali psuu. Wamkulu anangopereka moni n'kukadzigwetsa pamphasa, tulo. Wamng'ono anali atasanza cha ku Golomoti, akungolira, osafuna kunyamulidwa ndi munthu aliyense. Agogo ake anamuyang'anitsitsa n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Kodi kameneka ndi kaja kanabadwa chaka cha Freddy?" Yankho asanalimvetse, anthu akutsanzika.

Chithunzi chokha ndiye sichinaiwalike ayi. Amayi avekedwa chitenje chatsopano, aimikidwa pambali pa galimoto, aliyense amwetulire, wina ajambulenso poti agogo anatsinzina. Madzulo omwewo chili pa status, atalemba kuti takhala ndi nthawi yabwino ndi mayi athu. Nthawi yake iti?

Ine mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiibwereza mpaka mutope nane. Ulendo woti maola a mumsewu achuluke kuposa maola okhala pamphasa si ulendo wocheza. Ngati sugona, usanyamuke. Usavutitse ana, usavutitse mkazi wako, usavutitse nkhalamba imene ikukudikira.

Tawerengani nokha. Kuchoka ku Blantyre kudzafika kuno ndi makilomita oposa 350, kubwera kokha. Kubwerera ndi omwewo. Pamodzi ndi oposa 700, tsiku limodzi, woyendetsa mmodzi. Udutse Lunzu, Zalewa, Phalula, ukhote kulowa M5, Sharpevale, Golomoti, Mua, Chipoka. Ukafika pa Salima umadzinamiza kuti wafika, chonsecho kwatsala makilomita oposa 100, ndipo ndi amene amathyola msana: Khombedza, Thavite, Benga, Chia. Amene amauyenda msewu umenewu akuudziwa. Pena phula linadyeka m'mbali moti mukakumana ndi thiraki ya shuga yochokera ku Dwangwa wina ayenera kutsikira m'dothi, ndipo wotsikirayo sakhala wa thirakiyo. Pena maenje. Mbuzi, ngolo, akabaza atanyamula matumba a makala opingasa. Muonjezepo kuima pa rodibuloko, kuima kuti mwana akataye madzi, kusaka pothira mafuta, ndi kutentha kwa October kuno kunyanja kumene ngakhale galu safuna kuchoka pamthunzi. Ana ali kumbuyo opanikizika ngati usipa m'dengu, zikwama pamiyendo, thukuta lili kamukamu. Zonsezi kuti mudzakhale maola awiri. Awiri!

Mukadzawafunsa anawa kuti ku Nkhotakota munaonako chiyani, adzakuuzani kuti tinaona nkhongo ya adadi.

Ndipo ndi zoona, palibenso china anaona. Nyanja ili pompa, moti munthu amapita wapansi n'kubwerako madzi a tiyi asanazizire. Ana a m'tauni amene nyanja amangoimvera m'kalasi la Social Studies afika mpaka pakhomo pake, osaviikamo ngakhale chala cha kuphazi. Wamkulu uja atadzuka anafunsa kuti, "Anti, kunyanja tipita nthawi yanji?" Bambo ake anayankha okha: ulendo wina. Ulendo wina uti? Ulendo winawo udzakhalanso chimodzimodzi, tikudziwana.

Kuno kuli mkuyu uja umene David Livingstone anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe za malonda a akapolo m'zaka za m'ma 1860. Mwana ameneyu adzalemba za Jumbe pamayeso, kuloweza za m'buku, pamene bambo ake anamudutsitsa pafupi ndi mtengowo ali m'tulo. Kuli tchalitchi cha All Saints kumene kuli manda a Chauncy Maples, bishopu uja anamira panyanja mu 1895. Kuli madzi otentha a ku Mawira. Kuli nkhalango ya Nkhotakota imene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, n'kubweretsamo njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Azungu amakwera ndege kudzaona zimenezi, amagona masiku. Mwana wa kwathu konkuno, mdzukulu wa pano, amangodzaona chimbudzi cha agogo ake n'kubwerera.

Koma tisiye za njovu, si aliyense ali ndi ndalama yolowera kumeneko. Nanga zaulere? Usiku kunyanja kuno kumaoneka nyali za asodzi a usipa zili ndandanda pamadzi. M'mamawa dzuwa limatulukira m'nyanja momwemo, mabwato akukocheza, amayi ali ndi mabeseni kulimbirana nsomba, phokoso lili pwirikiti. Madzulo agogo amakhala pakhonde kufotokoza kuti uje anakwatiwa kuti, munda wakuti unali wa yani, ife tinachokera kuti. Nkhani zimenezi sizituluka masana mlendo ali chiimire. Zimatuluka mbale zitatsukidwa, anthu atakhuta, mwana atatsamira pamwendo pa agogo ake. Zonsezi zimafuna usiku umodzi wokha, ndipo usiku umodziwo ndi umene anthu inu mumaumana nawo.

Ndikudziwa kuti ena mu makomenti muti bola anabwera, ena sabwera n'komwe. Musandiuze zimenezo. Bola chiyani? Amayi anatsala ndi miphika yodzadza, ndi chipinda choyalidwa chopanda wogonamo. Chambo chija tinagawira anansi. Ndipo usiku wonse sanagone, foni ili m'manja, mphindi zilizonse, "Taimbira, afika pati?" Pa Salima. "Taimbiranso." Foni sikupezeka. Munthu wa BP ameneyo, mwamupatsa chitenje masana, usiku mwamupatsa nkhawa. Anadzagona atamva kuti alowa m'nyumba, pakati pa usiku patadutsa. Mphatso ya Mother's Day imeneyo?

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Inde, koma ngakhale mame amagona, amachoka dzuwa likatuluka.

Nanga woyendetsayo? Munthu wadzuka 3 koloko, wagwira chiwongolero theka la tsiku, wadya kondowole, ndipo kondowole tonse tikudziwa zimene amachita ndi zikope. Kenako akuti abwererenso mtunda womwewo mumdima, ndi ana kumbuyo. Msewu wa kunyanja usiku si woseweretsa. Njinga zopanda nyali, ngolo zopanda chowala chilichonse, thiraki yofera pamsewu chizindikiro chake ndi nthambi za mtengo, wobwera kutsogolo wakuwalitsira mafulu osathimitsa. Ukamuuza amati ine ndinazolowera, ndimayendetsa bwino. Tulo sitifunsa kuti laisensi unatenga liti. Amuna inu, kuyendetsa makilomita 700 tsiku limodzi si chamuna. Palibe amene adzakupatseni mendulo. Mumangofuna kukanena ku ofesi kuti ine Nkhotakota ndimapita n'kubwerako tsiku lomwelo, anzanu akuombereni m'manja. Alamu anga anangokhala duu ulendo wonse wotsanzika, nkhope yokha imanena kuti munthuyu akanakonda kugona, koma poti mwini galimoto wanena.

Eya, ntchito mawa lake, tchuthi n'chovuta kupempha, zinthu zakwera mtengo, ndamva. Ndiye bwanji osadikira mpaka mutapeza masiku? Isitala ilipo. Khirisimasi ilipo. Ana amatsekera sukulu katatu pachaka. Amayi sakuthawa, mudziwu sukusamuka. Kubwera kamodzi pachaka n'kugona masiku atatu kukuposa kubwera katatu kongosuzumira. Mukafuna zonse nthawi imodzi, kuona amayi, kujambulitsa, kugula nsomba, kukagona kwanu, mawa kulawirira ku ntchito, ndiye zija amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ndipo ndalama ya mafuta a ulendo woterewu si yochepa, aliyense amene wathira mafuta chaka chino akudziwa. Ikanakhala kuti mwangoitumiza pa foni, amayi akanagula matumba a fetereza, kapena malata osinthira aja akudontha kuchipinda, n'kutsalanso ya sopo. Inu n'kuimba video call, adzukulu n'kuyankhula ndi agogo awo ali osangalala, atasamba, osati ali lende ndi kutopa. Sindikunena kuti ndalama ilowe m'malo mwa munthu, ayi. Ndikunena kuti ngati munthuyo akubwera kudzangoonetsa nkhope, bola ndalamayo. Mafuta onsewo kuwotcha kuti mudzanene kuti "tafika" ndi "tapita" mpweya umodzi?

Musandimve molakwa, ine ulendo wautali sindidana nawo. Ana ayende, aone dziko lawo, adziwe kuti Malawi sathera pa Chichiri. Ulendo wa pa M5 ukauyenda mwaulemu ndi wokoma. Muime pa Mua, ana akaone zosemasema ndi zigoba za gule ku KuNgoni. Muime pa Salima mudye chips, muongole miyendo. Pa mlatho wa Chia mutsike, aone pamene madzi a Chia amakumanirana ndi nyanja. Mufike kuno madzulo, musambe, mugone, mawa mudzuke muli anthu. Pamenepo maola a mumsewu aja ali ndi malipiro ake. Koma kuthamanga osaima pena paliponse, mwana akati ndikufuna kuona chakuti n'kumukalipira kuti tachedwa, ndiye mwamutengeranji? Akanatsala kunyumba akanaonera katuni mwamtendere.

A ku Lilongwe amene mumapita ku Senga Bay m'mawa n'kubwerera madzulo, inu sindikukunenani. Lilongwe ndi Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kuchoka pa boma kukafika kunyanja ndi pafupifupi 20. Mwana amasambira tsiku lonse, amadya, amagona m'galimoto pobwerera, zake zayenda. Ndikunena inu a ku Blantyre, a ku Zomba, a ku Mulanje, amene mumaona Nkhotakota pa mapu a mufoni n'kumati ndi pafupi. Foniyo siidziwa maenje. Foniyo siidziwa kuti mwana wanu amasanza. Ndiponso ife a kuno tisadziyeretse, alipo amene amalongeza banja lonse kupita ku ukwati ku Karonga n'kufuna kubwerako usiku womwewo. Matenda ake ndi amodzi.

Ngati sugona, usanyamuke. Ndabwerezanso.

Chinanso poti ndayamba kale. Anthu othamanga omwewa, amene alibe mphindi khumi zokhala ndi mayi awo, nthawi yogula nsomba amaipeza. Pitani pa Chia tsiku la tchuthi mukaone. Galimoto yaima, injini osazimitsa, galasi latsitsidwa theka, bwana ali mkati ndi magalasi akuda. Mnyamata wathamanga ndi chambo chake padzuwa, watchula mtengo, bwana akuti ndikupatsa theka, ukakana ndikagula kutsogolo. Amanenerera mpaka mnyamata uja agonje poti nsomba siidikira mawa. Munthu yemweyo ku supamaketi ya ku Blantyre amalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa, mpaka kusiyira wa pa geti yachenji. Koma kwa msodzi amene wagona pamadzi usiku wonse ndiye pamene amaonetsera luso lonenerera. Akatero amangirira chambo chija pa galasi la m'mbali, ulendo. Tsikani m'galimotomo, mupereke moni kaye. Ndipo mabotolo anu a madzi ndi matewera a ana muzipita nawo kwanu, osatitayira m'mbali mwa msewu, kuno kulinso anthu.