Inu a shuga, lekani kunamiza adokotala

Ndalankhula mokwanira pa benchi ya kukiliniki, tsopano ndilembe kuti amene simunamve pakamwa muwerenge. Ine ndakhala ndi matenda a shuga zaka zoposa khumi, ndipo pali khalidwe limodzi lomwe limandiwawa mtima. Tsiku la kiliniki likayandikira, munthu amayamba kudzisunga. Masiku awiri kapena atatu tiyi wa shuga wasiya, nsima wachepetsa, mapiritsi amene anawaiwala m'kabati wayamba kumwa mosaphonya. Akamubaya chala makina n'kuonetsa nambala yabwino, iye kumwetulira. Asanafike n'komwe pokwerera minibasi, wagula kale botolo la chakumwa chotsekemera ndi mandasi atatu. Ndakuonani ndi maso angawa, abale anga. Kodi mukunamiza ndani, adokotala kapena impso zanu?

Taganizani zomwe mwachita. Adokotala aona nambala yabodza, alemba m'buku lanu lakuchipatala kuti zikuyenda, mankhwala omwe amafunika kuwonjezera awasiya momwemo. Mwabwerera kunyumba ndi mlingo wosakwanira kwa miyezi ina. Komanso kudzimana chakudya uku mukumwa mapiritsi otsitsa shuga a Glibenclamide kapena kubaya insulin n'kusewera ndi moyo. Shuga akatsika pansi pa 70, kapena 3.9 pa makina ena, munthu amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, mwinanso kukomokera panjira.

Kubaya chala kumangonena za ola lomwelo. Kuli kuyeza kwina kotchedwa HbA1c, ndipo kumeneku simungakupusitse. Shuga akachuluka m'magazi amamatirira m'maselo ofiira, ndipo maselo amenewa amakhala m'thupi masiku pafupifupi 120 asanafe. Ndiye akatenga magazi, amaona mmene mwakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo: thobwa lothira shuga la tsiku ndi tsiku, keke ya kuukwati, masabata aja munasiya mapiritsi a Metformin chifukwa mumamva bwino. Kusala kwa masiku atatu sikufufuta zimenezo. Kwa akuluakulu ambiri nambalayi imafunika ikhale pansi pa 7 peresenti, ngakhale adokotala angakuikireni ina poona msinkhu wanu ndi matenda ena. Ikamakhala pa 9, pa 10, pa 11, thupi likudyeka m'kati ngakhale mukulima ndi kupalasa njinga bwinobwino. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa UKPDS anasonyeza m'chaka cha 2000 kuti nambalayi ikatsika ndi 1 yokha, chiopsezo choti timitsempha ta m'maso ndi m'impso tiwonongeke chimachepa ndi 37 peresenti. Yezetsani kawiri pachaka, ndipo ngati asintha mankhwala kapena shuga akukana kutsika, miyezi itatu iliyonse. N'zoona kuti si chipatala chilichonse chili ndi makina ake, koma funsani akuuzeni kopita. Ngati muli ndi vuto la kuchepa magazi kapena munaikidwa magazi posachedwa, nenani, pakuti zimenezi zimasokoneza zotsatira.

Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo shuga ndiye sapweteka poyamba. Mng'ono wanga weniweni, bere limodzi, ananena kuti wachira atamwa mabotolo awiri a zitsamba omwe anagula pamsika. Mapiritsi anataya, kukiliniki analeka. Tinamulangiza, iye ankati taonani ndanenepa. Patapita zaka, tsiku lina anayenda kuchokera m'mawa mpaka madzulo ndi kamsomali kataboola nsapato, osamva kanthu. Anazindikira povula, ataona magazi pa sokosi. Mapazi anali atachita dzanzi kalekale. Bala linakana kupola, chala chinada bii, fungo linadzaza m'chipinda moti adzukulu ankaopa kulowa. Madokotala anamudula chala, kenako mwendo pansi pa bondo. Ndine amene ndinanyamula nsapato yotsalayo m'jumbo pobwerera kunyumba, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira tulo timandithawa.

Maso nawo amapita chimodzimodzi, mwakachetechete. Za impso, kafunseni amene amagona maola anayi pa makina otsuka magazi ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, sabata ndi sabata, akuuzeni mmene moyo umakhalira.

Inunso ana, musaganize kuti sindikukunenani. Mumabwera kudzaona mayi anu mutanyamula shuga, masikono ndi zakumwa zotsekemera, n'kumati ndi chikondi. Tsiku lawo la kiliniki simulidziwa, buku lawo simunalitsegulepo. Bweretsani ndiwo zamasamba, nyemba, usipa ndi ufa wa mgaiwa, koma dziwani kuti mgaiwa nawo ukachuluka m'mbale umakweza shuga. Perekani ndalama yoyendera, ndipo madzulo muwayang'ane kuphazi ndi pakati pa zala.

Ulendo wotsatira, idyani ndi kumwa mankhwala monga mumachitira masiku onse, kupatula ngati anakuuzani kuti mubwere musanadye m'mawa umenewo. Nyamulani buku ndi mapaketi a mankhwala. Ngati munadumphitsa masabata atatu, nenani kuti atatu. Vulani nsapato akuoneni mapazi, pemphani kuyezedwa maso ndi impso kamodzi pachaka, ndipo funsani kuti HbA1c yanu ili pa chiyani, akulembereni m'buku.