Musanagule kompyuta yolowera nayo pansi pa madzi, tamverani kaye

Ana anga, mawu awa ndi anu, inu amene mwangomaliza kumene maphunziro osambira pansi pa madzi ku Chembe kapena ku Nkhata Bay, satifiketi ikadali yatsopano m'thumba. Zimene ndikuona masiku ano zikundisowetsa tulo. Munthu walowa m'nyanja kanayi kokha, mawa lake ali kale pa Facebook kufunsa kuti kompyuta yooneka bwino pamkono ndi iti. Sakufunsa kuti imagwira bwanji ntchito. Akufuna yonyezimira, yoti anzake ayione akamajambulitsa pa bwato. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kachipangizo kameneka ntchito yake ndi kuwerengera mpweya wa nayitrojeni umene ukulowa m'thupi mwanu. Mpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni. Mukamatsika madzi amakupanikizani, ndipo pa mamita 10 alionse kupanikizako kumawonjezeka ndi mlingo wofanana ndi umene tili nawo kumtunda kuno. Nayitrojeni uja amasungunukira m'magazi ndi m'minofu. Mukakwera mofulumira zimachitika ngati mwakhutchumula botolo la Fanta kenaka n'kulitsegula. Thovu limenelo limabadwa m'mawondo, m'mapewa, nthawi zina mumsana, ndipo munthu akhoza kufa ziwalo mpaka kalekale. Matebulo a PADI, bungwe lophunzitsa kusambira pansi pa madzi, amene munaphunzira amati pa mamita 18 malire okhala pansi ndi mphindi 56, koma pa mamita 30 ndi mphindi 20 zokha. Kompyuta imawerengera zimenezi mphindi iliyonse, ndipo imalira mukamakwera mothamanga kupitirira mamita 9 kapena 10 pa mphindi.

Ndiye inu amene satifiketi yanu ikukulolani kufika mamita 18 okha, kompyuta ya ndalama zogulira njinga yamoto mukuifuniranji? Gulani yosavuta, ya manambala akuluakulu oti muwerenge ngakhale madzi atavunduka ndi mwera. Suunto Zoop Novo, Mares Puck Pro, Cressi Leonardo, zonsezi anapangira oyamba kumene, ndipo batire lake ndi lija lozungulira ngati ndalama yachitsulo, losinthika popanda kutumiza kunja. Ikhale yoti idzalandirenso nitrox, mpweya wowonjezeredwa okosijeni, mukadzaphunzira. Zinazo ndi zokometsera chabe.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Nyanja yathu siili pa mlingo wa nyanja zamchere za ku Pemba kapena Durban. Ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470, ndipo malamulo a kasambiridwe aka amati malo alionse opitirira mamita 300 ndi okwera, amafuna mawerengedwe akeake. Mpweya wa pamwamba pa madzi ndi wopepukirapo, choncho thupi likavuuka kupanikizika kumachepa kwambiri kuposa mmene kukanachepera ku nyanja yamchere, ndipo thovu lija limabadwa mosavuta. Makompyuta ena, monga a Shearwater, amadziyezera okha kukwera kwa malowo. Ena, monga Zoop Novo uja, muyenera kuwauza nokha ndi chala chanu. Ndinaona mnyamata pa bwato lopita ku chilumba cha Thumbi atavala kompyuta yoti m'bale wake anamutumizira kuchokera ku Cape Town. Nditaigwira ndinapeza ikadali pa ziro, ikuganiza kuti ili pa gombe la nyanja yamchere. Buku lake anali asanatsegule n'komwe, linali m'katoni kunyumba. Ndinamufunsa kuti, "Mphwanga, nambala iyi ikutanthauza chiyani?" Iye anangoseka n'kuyankha kuti ikalira adziwa. Ikalira adziwa! Safunsa anadya phula.

Mutatuluka m'madzi nkhani siinathe. Ambiri a inu mumabwera Loweruka, kulowa kawiri Lamulungu m'mawa, masana omwewo n'kuliza galimoto kukwera chitunda cha Golomoti. Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Wochokera ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita osakwana 50 wafika kale ku Mzuzu, pa mamita opitirira 1,200. Kwa thupi lodzaza nayitrojeni kukwera kotereku ndi kupitiriza kuvuuka. Okwera ndege amauzidwa kudikira maola 12 akalowa kamodzi, maola 18 akalowa kangapo. Kachizindikiro ka ndege kamene kamaoneka pa kompyuta yanu mumati n'ka azungu okhaokha opita ku Chileka? Funsani mphunzitsi wanu kuti mudikire nthawi yaitali bwanji musanakwere mapiri, ndipo ngati kuli kotheka gonani kunyanja konko, munyamuke m'mawa.

Mchitidwe wina woipa ndi wobwerekana. Anthu awiri, kompyuta imodzi, ati poti tikusambira limodzi. Limodzi lake liti? Wina watsikira pansi kutsatira kampango kuphanga, mnzake watsala pamwamba kuonerera mbuna pa miyala, kusiyana mamita 4 kapena 5. Kompyuta ikudziwa za mkono umene yavalidwa basi. Chimodzimodzi kutenga ya mnzanu masana inu mutalowa kale m'mawa ndi ina. Imene mwabwerekayo siikudziwa za nayitrojeni wa m'mawa uja, ndipo ikupatsani mphindi zimene mulibe.

Palinso ena ochenjera mopusa. Kompyuta ya Suunto mukaiphwanyira malamulo, mwadumpha poima pamene inakulamulani, imadzitseka maola 48. Imatero pofuna kukuuzani kuti khalani kumtunda. Koma munthu amakabwereka ina n'kulowanso tsiku lomwelo. Mwana wanga, wanamiza kachipangizo, nanga magazi ako uwanamiza bwanji?

Za kaunjika sindikuletsa, ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira. Koma musalipire musanaione ikuyaka. Sinthani batire pamodzi ndi kamphira kotseka madzi, chifukwa kamphirako kakauma madzi amalowa, kompyuta n'kuzima muli pansi. Ulendo woyamba muifanizire ndi ya mphunzitsi, muone ngati zikugwirizana pa kuya. Ikamanena 12 pamene yake ikunena 15, ibwezeni. Ndipo ikakuzimirani m'madzi, musapitirize podalira ya mnzanu. Muuzeni ndi manja, kwerani pang'onopang'ono, imani mphindi 3 pa mamita 5, tulukani, tsiku limenelo zathera pomwepo.

Ndikulankhula mokalipa chonchi chifukwa chipinda chopanikiza mpweya chimene amachiritsira matenda a thovu m'thupi aja simungachipeze pa gombe la Chembe kapena la Nkhata Bay, ndipo ulendo wokachipeza ndi wautali komanso wodula. Mukatuluka m'madzi n'kumva kuphwanya m'mfundo, dzanzi m'manja kapena m'miyendo, chizungulire, zidzolo pakhungu, kapena kutopa kosadziwika bwino, musanene kuti ndi malungo, musamwe panado n'kukagona. Musabwererenso m'madzi poganiza kuti thovu lisungunuka. Uzani mphunzitsi nthawi yomweyo, akupatseni okosijeni, akutengereni kuchipatala. Kompyuta ija musaisiye pa bwato, pitani nayo, chifukwa m'menemo ndi mmene mwalembedwa kuti munafika mamita angati, munakhalako mphindi zingati, ndipo munakwera mothamanga bwanji.