Mtengo wouma chiimire si nkhuni chabe, ndi mobadwira gogomole

Anzanga a ku Salima ndi ku Nkhotakota, pali chizolowezi chathu chimene timachiyesa chosalakwa koma ine chimandipweteka mtima. Mtengo ukangouma chiimire, nkhwangwa yafika kale. A zankhalango anatiphunzitsa kuti wodula mtengo wauwisi ndiye wowononga, ndipo tinamva. Wouma timangoti ndi nkhuni zopanda mwini. Mayi wofuna kuphika, wowamba nsomba ku Senga Bay kapena ku Chia, wootcha njerwa, onse amathamangira womwewo. Chonsecho mtengo woterewu ndi umene gogomole amaswera ana ake.

Mbalameyi simanga chisa cha udzu. Yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kugogoda thunthu kapena nthambi youma mpaka zitaboola khomo lozungulira bwinobwino, kenako zimakumba mphako yotsika m'munsi. Nthawi zambiri zimasankha mtengo umene wayamba kuwola mkati chifukwa ndi wofewa kukumba, komabe ntchitoyo imadya masabata awiri kapena atatu. Simuikidwa udzu kapena nthenga, mazira oyera mbee amangogona pa tizibenthu ta mtengo womwewo. Kagogomole kamene timakaona kawirikawiri m'minda, kamene kamuna kake kali ndi kufiira pamutu ndipo mabuku a mbalame amakatcha Cardinal Woodpecker, kamaikira dzira limodzi, awiri kapena atatu basi. Amafungatiridwa masiku pafupifupi 12.

Chimene chimandigwira mtima ndi kaleredwe kake. Masana makolo amasinthana pa mazira, koma usiku amene amagona m'mphako ndi bambo. Anapiye amaswedwa ali psata, opanda nthenga, maso ali otseka, moti masiku oyamba kholo limodzi liyenera kuwafunditsa pamene linzake likusaka mphutsi za m'makungwa, nyerere ndi tizilombo tina. Zitosi za anawo makolo amazinyamula kukamwa n'kukataya kunja kuti m'nyumba musanunkhe. Anawo amakhala m'mphakomo pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo ngakhale atayamba kuuluka amatsatirabe makolo kwa masabata ena akudyetsedwa. Ndikaona zimenezi ndimakumbuka abambo ena kwathu kuno amene amati za mwana wolira usiku ndi za amake.

Tsono werengetsani nokha. Kukumba, kufungatira ndi kulera zonse pamodzi zimakwana miyezi iwiri, ndipo nthawi yonseyo banjali ladalira mtengo umodzi. Kuswana kwake kumagwera m'chilimwe, mvula isanagwe, nthawi yomweyo imene ife timasonkhanitsa nkhuni za m'dzinja, timasosa m'minda, ndiponso osaka mbewa amayatsa tchire. Anapiye a gogomole akakula pang'ono amasokosera kwambiri popempha chakudya, phokoso limene limaitana anyamata a malegeni. Mwana akalasa kholo limodzi amaganiza kuti wapha mbalame imodzi, osadziwa kuti lotsalalo silingathe kufunditsa ndi kusaka nthawi imodzi.

Ndipo musaganize kuti popanda ife moyo wake ndi wofewa. Pali mbalame za mtundu wa nsadzu, uja amatsogolera anthu ku njuchi, zimene sizilera zokha. Zina mwa izo zimazembera mphako ya gogomole n'kuikiramo dzira lawo. Mwanapiye wa nsadzu amabadwa ndi timbedza takuthwa kumlomo, amapha ana a mwini nyumba, ndipo gogomole amavutika kulera mlendo yekhayo. Njoka nazo zimakwera. Zimenezo ndi za m'chilengedwe, gogomole wakhala nazo kuyambira kalekale ndipo sanathe. Chimene sangapirire ndi kusowa pokumba.

Mphako zakezo sizimuthandiza yekha. Akasamuka mumalowa ena amene sangathe kuboola mtengo: akadzidzi ang'onoang'ono, mileme, agologolo ndi mbalame zina zosiyanasiyana. Kugwetsa mtengo wa mphako ndi kuwathamangitsa onsewa pamodzi.

M'nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira m'chaka cha 2015 ndipo mu 2016 ndi 2017 inalandira njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete, mitengo ya miombo imakalamba, njovu zimathyola ina, youma n'kumatsala pomwepo. Ku nkhalango za Thuma ndi Kuti nako mbalame zili ndi pothawira. Koma gogomole si nyama ya m'mpanda yokha. Ndi wa m'munda mwathu, wa m'misangu, m'mithethe ndi m'mango akale, kumene amatichotsera mphutsi zoboola mitengo. Chaka chilichonse kuyambira Disembala timadzala mbande, akuluakulu n'kujambulitsa zithunzi atagwira khasu, ndipo n'zabwino. Koma mbande ya chaka chino sidzakhala ndi nthambi yoti gogomole akumbe mpaka ana athu atakula. Timawerenga mitengo imene tadzala, palibe amene amawerenga yakale imene yatsala.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Achimwene, tiphikire chiyani?" Funsolo ndi loona. Makala akwera mtengo, magetsi sanafike m'midzi yambiri, ndipo amayi athu amayenda mtunda wautali kukatola nkhuni. Sindikunena kuti nkhuni zouma zisatoledwe. Zogwa pansi tolani, nthambi zosabooka sadzani. Pempho langa ndi laling'ono: musanaike nkhwangwa pa mtengo wouma chiimire, yang'anani kumwamba. Mukaona bowo lozungulira, patsinde pali tizibenthu tatsopano, kapena mukamva kulira kwa anapiye mkati, usiyeni mpaka mvula itakhazikika. Amene muli ndi munda waukulu, siyani umodzi kumalire, kutali ndi nyumba ndi njira kuti ukadzagwa usapweteke munthu.

A mfumu athu, manda timawalemekeza ndipo mitengo yake sitidula mwachisawawa, n'chifukwa chake m'midzi ina kugogoda kwa gogomole kumamvekera kumanda kokha. Pamsonkhano wa mudzi mukamakamba za moto wa kutchire chaka chino, muikepo ndi nkhani ya mitengo ya mphako, ndipo aphunzitsi a makalabu a zachilengedwe m'sukulu awauze anyamata a malegeni za miyezi imeneyi.