Kuno ku Joni ndalama sititola pansi

Ndatopa nawo mafoni a m'mamawa. Lero kusanache alamu anga anali atayimba kale pa WhatsApp, moni wachidule, kenaka nkhani ya feteleza. Dzulo anali achemwali, akufuna fizi ya mwana. Palibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti kodi inu kumeneko mukugona bwanji.

Tikugona anthu asanu m'chipinda chimodzi ku Rosettenville, lendi R2,500 pamwezi, magetsi kugula padera. Pakati tinamanga chingwe n'kupachikapo zitenje ziwiri kuti ana asamaone bedi lathu. Ndimaphikira kuseri kwa chitseko, bafa timalimbirana mabanja anayi. Bambo a ana amadzuka 4 koloko, kukwera ma taxi awiri kukafika ku Randburg kokadula kapinga, munthu wa MSCE yake yabwinobwino. Ine ndimachapa ndi kusita kwa mayi wina masiku atatu pa sabata, ndipo akaganiza zondidula malipiro ndimangoti zikomo, chifukwa ndilibe kokadandaula.

Mmalawi akalowa pa Beitbridge amamudindira masiku 30 okha. Akatha amenewo umayenda ngati wakuba. Ukangoona galimoto ya polisi mtima umagunda, umayamba kuwerenga timakobidi tili m'thumba. Dzina la Lindela, ku Krugersdorp kuja kumene amasunga oyembekeza kubwezedwa kwawo, ngakhale ana athu amalidziwa.

Chandipweteka kwambiri ndi cha sabata yatha. Kamwana kanga kotsiriza kanatentha thupi usiku wonse, m'mawa ndinakabereka kumbuyo kupita kuchipatala chaching'ono. Pageti panali gulu la anthu, osati anamwino ayi, anthu wamba, akufunsa aliyense chiphaso. Mayi wina atangomva lilime langa anandiloza chala, ati makwerekwere kwanu, dzina lonyoza limene amatitchula alendo kuno. Ndinabwerera, mwana akuwotcha msana wanga ngati mbaula, n'kukagula mankhwala ndi ndalama ya ndiwo. Madzulo mwana wanga wamkulu, wazaka 9, wobadwira konkuno, amene Chizulu amachilankhula bwino kuposa Chichewa, anandifunsa kuti, “Mama, nanenso ndine kwerekwere?” Ndinasowa chonena, ndinangoti idya nsima ikuzizira.

Mantha athuwa si ongopeka. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu Ogasiti 2023 moto unapha anthu oposa 70 m'nyumba ina ku Marshalltown, Amalawi anzathu ali momwemo. Munthu akamwalira kuno timayenda khomo ndi khomo kusonkha kuti thupi lidutse Zimbabwe, Tete, mpaka pa Mwanza. Bokosi likafika kumudzi, ena amayamba kufunsa za katundu amene wasiya.

Mwina munganene kuti bwanji osabwerako. Ndikubwera kudzadya chiyani? Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chifukwa cha chimenecho achibale amaona ngati randi iliyonse ndi chuma. Saona kuti randi yomweyo ndi imene ikulipira lendi, taxi ndi ufa wa kuno, umene nsima yake sikoma ngati ya mgaiwa wa kwathu ku Ntcheu.

Ya feteleza ija nditumiza Lachisanu, chifukwa apongozi akapanda kukolola tidzatumizabe ya chimanga. Nsapato za wazaka 9 uja zang'ambika kutsogolo, chala chili panja, ndamuuza kuti adikire mwezi wamawa.